Mbewu ya Thobwa ya Mai Fulutuna

Loweruka likubwerali tikukamanga chiliza pamanda a apongozi anga, Mai Fulutuna, ndipo abale agwirizana kuti thobwa la anthu onse ndiphike ine. Chindiuzireni, mtima wanga sukukhala m'malo. Ndikati ndikatembenuze chimera padzuwa, mwana walira, ndikati ndinyamule mwana, maso ali kumkeka kuona ngati apongozi aamuna, a Zuze, akadalipo, chifukwa masiku ano ukangophethira iwo anyamuka kale, ulendo wa kudooko kumene anasiya kuolotsa anthu kalekale. Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Mozambiki. Amuna anga ali kodula nzimbe, amabwera mwezi ukatha, ndiye pakhomo pano tatsala atatu, ine, Tadala wanga wa kumsana, ndi nkhalamba imene imaiwala dzina langa. Kuno kwathu nkhalamba yoiwala sikhala pabwino. Mwana wa munthu akangotentha thupi, maso a mudzi amatembenukira kwa iyo, ndipo ine ndinaonapo ndi maso angawa zimene zimatsatira.

Ndiye ndati ndilembe za mayiwo, mwina mantha angachepe ndikakumbukira mmene iwo ankaimira.

Kuno kwa Ndamera ambiri amawakumbukira ndi moni wawo. Munthu wachikulire sankamufunsa kuti mwadzuka bwanji. Akakumana naye, kaya panjira, kaya pamjigo, kaya pamaliro, ankagwira dzanja osalitaya, n'kumuyang'ana m'maso, n'kufunsa kuti, "M'mimba mwayenda?" Tsiku lina anafunsa mkulu wa mpingo pakhomo penipeni pa tchalitchi, bamboyo ali mujekete, Baibulo m'khwapa.

"Mai, pano ndi panyumba ya Mulungu," anatero mkuluyo.

"Nanga mimbayo anakupatsani ndani?" anayankha iwo, dzanja lija asanalitaye.

Ine ndinali mtengwa watsopano, ndinkangofuna pansi patang'ambika. Koma mkulu uja Lolemba lake anabwera yekha kunyumba kuno ndi kabotolo kotengera thobwa m'thumba.

Iwo ankanena kuti nzeru za nkhalamba sizikhala m'mutu mokha. Ankati mwana akhoza kudya zilizonse mutu wake n'kukhalabe woyera, koma munthu akakula, m'mimba mukaima ndiye kuti kumutu nako kuyamba kuchita chifunga. Ankati ukali wa nkhalamba, kusowa tulo, kuitana anthu akufa, uyambe wafunsa kaye zimene yadya, madzi amene yamwa, ndi tsiku limene yapita kuseri. Sankawerenga, koma ankayang'ana. A Zuze anayamba kuiwalaiwala ine ndisanabwere pabanja pano, ndipo mayiwo ndi amene anaona kuti masiku oipa a bamboyo ankatsatana ndi masiku amene m'mimba mwauma. Choncho mbale ya a Zuze inali ndi malamulo ake. Nsima ya mapira kapena ya mchewere, khobwe, nandolo, therere, nyika zozula pansi pa madzi kudambo, madzi a bwemba, chambiko akachipeza kwa oweta ng'ombe, ndipo m'mawa uliwonse, asanayankhule ndi munthu, chikho cha thobwa lowawasa pang'ono.

Thobwa limenelo ndiye linali ulemu wawo. Makapu ankatsuka okha osakhulupirira munthu, chivundikiro ankachithira madzi owira, kunja kwa mtsuko ankakwecha mpaka kuwala. Koma m'kati mwa mtsuko simunkalowa sopo. Pansi pake ankasiya thobwa lakale lokwana chikho chimodzi, n'kuthirapo latsopano likazirala, ndipo lotsala lija ankalitcha mbewu. Kambewu kena ankasunga m'chipanda chopachika kudenga, n'kumakapatsa phala ngati mwana. Tsiku langa loyamba kuphika nawo, anandigwira khosi n'kundiweramitsa pakamwa pa mtsuko.

"Tamvera, mwana iwe. Ukumva chiyani?"

"Likuchita tsi-tsi-tsi, amayi."

"Likupuma. Chinthu chamoyo chimenecho. Chikalowa m'mimba chimakagwira ntchito, sichipita kukagona."

Mbewu imeneyo ankati inachokera kwa amayi awo, kutsidya. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anaoloka Shire m'bwato la a Zuze, kumsana ali ndi mwana wawo wamkazi Lonesi, pamiyendo mwana wawo woyamba Antonyo akudwala, m'manja chipanda. Antonyo anamuika m'manda tsidya lino. Za iye sankakonda kukamba. Za chipanda ankakamba mpaka womvera kutopa.

Musaganize kuti anali mayi wofatsa. Anakangana ndi amayi a kutchalitchi amene ankati thobwa lawo lapitirira, latsala pang'ono kukhala mowa, ndipo anawauza kuti amene waledzera nalo abwere naye adzamuone. Anakangana ndi amuna anga chifukwa chogulira bambo awo mandasi tsiku ndi tsiku. Ine anandimenya dzanja nditafuna kulawitsa Tadala thobwa ali wakhanda, anati mwana wa bere ndi wa bere, mbewu yake ili mumkaka. Koma mkangano waukulu unali wa alamu anga a Lonesi, amene amagulitsa zovala pamsika wa ku Ngabu. Anabwera pa Khirisimasi ndi buledi, shuga ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo amayi awo ali kudimba, iwo pofuna kuthandiza anagwira mtsuko uja n'kuukwecha m'kati ndi sopo ndi mchenga, n'kuuvundikira padzuwa. Mayiwo pobwera anaima pakati pa bwalo, khasu lili paphewa.

"Ndani wandiphera mtsuko?"

"Ndatsuka ndine, amayi. Munali fungo."

"Fungo limenelo ndi limene linakukulitsa iwe, matako onsewo."

"Inu amayi, dziko linasintha. Anthu akudya zamakono."

"Nkhabe, ayi. Matumbo a bambo ako sanamve kuti dziko lasintha."

Anatsitsa chipanda cha kudenga, n'kuyambiranso. Khirisimasi yonse sanayankhulane, ankatumizana mawu kudzera mwa ine. Koma tsiku lobwerera, a Lonesi anakwera njinga ya kabaza atakumbatira chigubu chodzaza, amayi awo akuwakalipira kuti asachitseke kwambiri chingaphulike.

Mai Fulutuna anamwalira nyengo yotentha, chaka chatha, atadwala pang'ono chabe, mutu wawo uli woyera mpaka mapeto. Madzulo ake, dzuwa likupendeka, anandiitana n'kundiuza zitatu. Mtsuko usaone sopo. Madzi akumwa a bambowa ndiziwapatsa m'manja, osadikira kuti apemphe. Chachitatu ndicho chinandilemera. Anati funso lija tsopano ndi langa.

"Amayi, ine kufunsa apongozi aamuna zimenezo? Pakamwa pangapa?"

"Manyazi anatsala pang'ono kundiphera mwamuna pasukulu paja. Unalipo. Usandichititse kubwereza, mpweya wandichepera."

Ndinalipodi. Ndipo nkhani ya pasukulu ndi imene ndikufuna Tadala adzaidziwe.

Chaka chimene madzi anatisamutsa ndinali ndi pakati pake. Shire anadzaza, mitsinje ya kumapiri nayo inatsika, ndipo m'mawa wina madzi analowa m'mudzi tikuwaona. Anthu ankathawa ndi mabulangete, nkhuku, wailesi. Mai Fulutuna anatuluka dzanja lina litagwira a Zuze, lina litakweza chipanda pamwamba pa mutu, kathumba ka chimera atakamangirira pachifuwa, madzi ali m'chiuno. Titafika kumtunda anthu anaseka, ena n'kumati mayiwa apulumutsa thobwa n'kusiya zofunda.

Anatisunga pasukulu ina ya pamtunda, amuna m'makalasi awo, akazi ndi ana m'makalasi awo. Chakudya chinkabwera, sindinganyoze, ufa woyera, mafuta, mchere. Koma masamba onse anamira, nkhuni zinali zonyowa, mphika wophikira thobwa panalibe, ndiye mayiwo ankangodyetsa mbewu yawo timasupuni ta phala. Choipa kwambiri chinali zimbudzi. Zinali zochepa, mzere wake wautali, ndipo pamzere umenewo pankaima aliyense. Tsono kwathu kuno bambo wamkulu sangaonedwe ndi mkazi wa mwana wake akupita kuchimbudzi, mayi wamkulu sangaime kumbuyo kwa mkamwini wake atanyamula kachitini ka madzi. Nkhalamba zinapeza nzeru yakeyake. Zinasiya kumwa madzi, zinachepetsa kudya, kuti zisakaime pamzerepo. Palibe amene anazindikira. Mai Fulutuna ankafunsa funso lawo pazenera la kalasi ya amuna, a Zuze n'kumayankha kuti pyadidi, zili bwino, chifukwa chozungulidwa ndi anthu.

Masana ena, mkazi wa a Bizeki, mnansi wathu woyendetsa kabaza, anasiya mwana wake wodwala m'mimba pamkeka n'kupita kukatunga madzi. Pobwera anapeza a Zuze m'kalasi ya akazi, atanyamula mwanayo, akumuimbira nyimbo yopalasira bwato, akumutchula kuti Antonyo. Mayiyo anakuwa. Ine ndinali panja ndikuyanika chitenje, ndinaona anthu akuthamanga, ndinaona a Bizeki akutsomphola mwana, ndinaona a Zuze akukokeredwa pabwalo la mbendera, iwo akumwetulira osadziwa kanthu, ndipo ndinamva mawu aja akuyenda pakamwa ndi pakamwa, mfiti, mfiti, masanasana. Pafupi panali mulu wa njerwa zomangira kalasi. Ndinaona manja akutola. Mwana m'mimba anagunda.

Mai Fulutuna sanathamange. Anandipatsa chipanda n'kuti gwira bwino, anamanga chitenje, n'kudutsa pakati pa anthu ngati akupita kumjigo. Anakaima kutsogolo kwa amuna awo.

"Bizeki, mwana wanga, bwera kuno."

"Mai, chokanipo. Mwana wanga sakupeza bwino chifikireni pano. Lero tawagwira."

"Wawagwira, eya. Tsono bwera udzaugwire ufitiwo ndi dzanja lako."

Kenako anachita chinthu chimene sindinaonepo mkazi wa kuno akuchita. Anakweza malaya a amuna awo pamaso pa gulu lonse, mimba ili poyera. Amayi ena anaphimba nkhope, ine ndinayang'ana pansi, koma makutu sindinatseke. Anaigogoda ndi zala, inalira ngati ng'oma yowamba pamoto. Anagwira dzanja la a Bizeki n'kuliika pamenepo.

"Wamva? Mwala. Tayang'ana milomo yawo, yang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Bambowa akuopa kukumana ndi mpongozi wawo pamzere wa chimbudzi, madzi anasiya kumwa, ndipo ine anandinamiza. Za m'mimba zakwera kumutu. Mwana wakoyo amuona ngati wawo amene tinamuika kalekale."

Wina kumbuyo anati mfiti zonse zimakhala ndi ozinenera. Iwo sanatembenuke n'komwe.

"Amayi ako ali kuti, Bizeki?"

Mayiwo anadziyankha okha.

"Ali pakona kuseri kwa madesiki, mwawatchinga ndi chitenje kuti anthu asaone. Akuyankhula ndi khoma. Dzulo anandifunsa ngati ndatsekera mbuzi zawo zimene zinafa iwe uli kamwana. Ukathana ndi awa, njerwayo upita nayo kumeneko?"

Ndiye anakweza mawu, kuyang'ana gulu lonse mmodzimmodzi. "Ndani pano amene nkhalamba yake yapita kuseri lero? Dzulo nanga? Yankhani, si inu odziwa kuona zobisika?"

Anthu anayang'anizana. Kenako mayi wina anati, "Athu akuti tili kumunda, akufuna khasu." Wina anati awo akukana kudya, akuti tawathirira mankhwala. Wina anaseka, kuseka kwa manyazi, ndipo ndinamva njerwa imodzi ikugwa pansi, kenako ina.

"Mwanayo akufuna dokotala," anatero mayiwo. "Tenga njinga yako. Mkazi wako ndi mwana ayambe, ubwere udzatenge awa, ukatero amayi ako."

A Bizeki anachita monga anauzidwa, maulendo onse atatu.

Kutenti ya chipatala kunali adokotala achitsikana. Anawayeza a Zuze n'kunena kuti thupi lauma, m'mimba mwatseka, komanso njira ya mkodzo ili ndi matenda, ndipo zinthu zimenezi kwa munthu wokalamba zimasokoneza mutu msanga. Anapereka mapiritsi ndi madzi a mchere ndi shuga. Ananenanso mosabisa kuti kuiwala kwa ukalamba sikudzatha, chimene chingathe ndi chisokonezo chimene chabwera pamwamba pake. Mai Fulutuna atawafotokozera za thobwa, adokotalawo anati m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene timakonda nyemba, masamba ndi zakudya zosakonola, ndipo anthu ophunzira akufufuzabe mmene timakhudzira ubongo wa okalamba. Anati thobwa lophika mwaukhondo apitirize, koma mapiritsi amalize onse.

Mayiwo anatuluka m'tentimo atatukula khosi. Njira yonse ankati, "Wamva, mwana iwe? Ndili ndi ziweto m'mimba. Madzi anatenga mbuzi, izi sanazione." Mapiritsi anawamwetsa onse osadumphitsa, ndipo ankawatchula adokotala aja kuti mwana wa manja abwino mpaka tsiku lawo lomaliza.

Mawa lake pasukulupo panasintha. Anakakamiza akomiti ya pamsasa kupatula chimbudzi chimodzi cha nkhalamba zokha, amuna anachitchinga ndi mapesi, njira yake n'kuidutsitsa kuseri kumene mpongozi sangaone. Anabwereka ndowa ndi mphika waukulu, anapempha ufa pang'onopang'ono m'mabanja, anathira chimera chawo chonse, pomaliza n'kutsanuliramo mbewu ya m'chipanda chimene anthu ankachiseka chija. Madzi atayamba kuphwa anatuma amayi kukazula nyika, kukathyola therere ndi bwemba kumtunda. M'mawa uliwonse nkhalamba zinkakhala pansi pa mtengo ndi makapu, iwo akuyenda pakati pawo ndi chikho, wina thobwa, wina madzi othira mankhwala oyeretsera, aliyense funso lake, mokweza, ndipo tsopano zinkayankha zikuseka, zina n'kumanenerana kuti uyu akunama. Ena anatsitsimuka msanga, ena pang'ono, ena sanasinthe, ndipo mayiwo sananamizepo munthu kuti thobwa limachiza zonse. Amayi a a Bizeki anasiya kuyankhula ndi khoma. Mwana uja anachira, pano amathamangitsa nkhuku zanga.

A Zuze anabwerera m'nzeru zawo m'mawa wina. Analawa thobwa, anatsukuluza m'kamwa, n'kuyang'ana akazi awo.

"Fulutuna, thobwa ili lachepa chimera."

Mayiwo anatembenukira kukhoma, ndinaona akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndinamva akunong'ona kuti takhuta, zikomo ya kwawo. Kenako anatembenuka n'kuti, "Mukaphike lanu."

Chimwalirireni mayiwo, ziwiri zija ndasunga. Mtsuko sunaone sopo, madzi ndimapereka m'manja. Koma chachitatu chinkandikanika. Ndinkati ndikagwada patali ndi mbale, funso lifike pakhosi, n'kubwerera. Ndinkangoyang'anira njira ya kuseri ndili kobisala, kuwerenga nkhope yawo, kudikira amuna anga.

Sabata yatha a Zuze anasowa. Ndinangolowa m'nyumba kukasintha Tadala, potuluka mkeka uli wokha. Ndinathamanga kumjigo kulibe, kutchalitchi kulibe, mwana akulira kumsana, ndipo m'mutu mwanga munali njerwa zokhazokha, chifukwa ndinali nditamva kuti kumudzi wa kudooko kuli ana awiri odwala. Ndili panjira ya kumeneko ndinaona njinga ikubwera pang'onopang'ono, a Bizeki akuikankha wapansi, a Zuze ali pakaliyala atagwira chishalo ngati bwana.

"Mai a Tadala, pukutani misozi. Ndawapeza pakhomo pa eni ake, akufunsa nkhafi yawo."

"Sanawachite kanthu?"

"Awachite chiyani? Anawapatsa mpando ndi madzi. Mayi wa pakhomopo anali nafe kusukulu kuja." Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumbali. "Pepanitu, si mawu anga, ndi a malemu. Anthu kumeneko andituma kuti ndifunse. M'mimba mwawo mwayenda?"

Ndinati sindikudziwa. A Bizeki anati, "Ndiye mufunse. Ife tonse tinazolowera."

Titafika kunyumba ndinawakhazika pamkeka, ndinatunga thobwa, ndinagwada, osati patali ngati kale koma pafupi, chikho chili m'manja onse awiri.

"Abambo, m'mimba mwayenda?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pambali pawo, mbali ya mkeka imene amasiyira malemu akazi awo.

"Nkhabe," anatero. "Wachedwa kufunsa."

Tsiku lomwelo ndinaviika bwemba, ndinaphika therere ndi khobwe, ndipo ndanena kale kwa amuna anga kuti akabwera tipite nawo kuchipatala akawaonenso. Tsopano ndimafunsa m'mawa uliwonse. Dzina langa sanalikumbukirebe, koma amayankha.

Pakhonde la kum'mawa ndi pamene mayiwo ankakhala. Pansi pali kadzenje kamene mtsuko unadzikumbira wokha, pambali pake mtondo wakale wovundikira umene unali mpando wawo. Palibe amene amaukhalira, ngakhale Tadala amauzungulira. Pakhoma pali malo osalala, akuda, pamene msana wawo unkatsamira, ndipo pamwamba pake msomali wa chikho. Chipanda chili kudenga, chingwe chake ndi chomwe chija anamanga okha, mfundo yake sindinaimasule. A Zuze akayala mkeka amakhala kumapeto, theka lonse n'kulisiya, ndipo nkhuku ikapondapo amaiingitsa. Dzuwa likatuluka limayamba kuwala pamtondo paja, palibe mthunzi wa munthu, palibe wokalipa kuti makapu sanayere. Lero m'mawa ndathira thobwa la chiliza pamwamba pa mbewu, ndavundikira, ndakhala pansi pafupi ndi mtondowo. Kenako ndinaweramira pakamwa pa mtsuko, ndekha, popanda wondigwira khosi. Likupuma.